Disiki Ikagona Osadzuka

FUNSO: Akatswiri athu, laputopu yanga ya Ubuntu ili ndi disiki ya NVMe. Ndikaisiya kanthawi osaikhudza imauma, osayendanso mpaka nditaizimitsa. Mu dmesg, momwe Linux imalemba mauthenga ake, mumatuluka mawu akuti "controller is down; will reset: CSTS=0xffffffff". Kodi disikiyi yatha? — Wowerenga, Zomba

YANKHO: Musathamangire kukagula ina, koma koperani kaye mafayilo ofunika pena.

Kawirikawiri vutoli limachokera ku APST, njira yosungira batire imene inalowa mu Linux 4.11 m'chaka cha 2017. Kernel, phata la Linux, imalola disiki kudzigoneka yokha ikasowa ntchito. Madisiki ena akalowa m'tulo tozama kwambiri sadzukanso, ndipo 0xffffffff ija ikutanthauza kuti kernel ikuitana koma palibe woyankha.

Kuti mutsimikize, tsegulani /etc/default/grub, ndipo pamzere wa GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT onjezani nvme_core.default_ps_max_latency_us=0. Lembani sudo update-grub, muyatsenso makinawo. Kuuma kukatha, mwapeza gwero lake.

Ambiri amathera pomwepa, koma ife sitikonda kusiya 0, chifukwa imazimitsiratu APST: disiki imatentha, batire nalo silichedwa kutha. Ikani pulogalamu ya nvme-cli, kenako mulembe sudo nvme id-ctrl /dev/nvme0. Kumunsi muona mizere yoyamba ndi ps 0, ps 1, kumapitirira; mzere uliwonse ndi mulingo wa mphamvu imene disiki imagwiritsa ntchito, ndipo womaliza ndiye tulo tozama kwambiri. Pamzere uliwonse pali exlat, nthawi imene disiki imatenga kuti idzuke, m'ma microsecond. Kernel imalumpha tulo tilitonse timene exlat yake yaposa nambala imene mwaika pa nvme_core.default_ps_max_latency_us paja; mukapanda kuika kanthu imatenga 100000. Tsono sankhani nambala yochepera exlat ya mzere womaliza, koma yosachepera ya mzere wa pamwamba pake. Apo disiki izigonabe, koma osafika kozama kuja.

Zikapitirirabe, yesani pcie_aspm=off pamzere wa GRUB womwe uja, payokha, kuti mudziwe chimene chathandiza. Onaninso ndi lamulo la fwupdmgr ngati pali firmware (pulogalamu ya m'kati mwa disiki) yatsopano.

Kukonza kokhalitsa kuli mu kernel momwemo. Mu fayilo ya drivers/nvme/host/pci.c muli mndandanda wa madisiki odziwika ndi khalidweli, ndipo amapatsidwa chizindikiro cha NVME_QUIRK_NO_DEEPEST_PS, chowaletsa kulowa m'tulo tozama kwambiri. Kingston A2000 ilimo. Manambala a disiki yanu muwapeza ndi lspci -nn. Atumizeni kwa osamalira NVMe mu Linux limodzi ndi zotuluka mu dmesg ndi id-ctrl, chifukwa popanda umboni umenewu sangawonjezere disiki yanu pamndandandawo.