Musanatumize fomu ya mafunso, kokerani mpando pafupi ndi wophunzira

Mayi wina amene amagwira ntchito m'laibulale ya pa yunivesite anandilembera imelo masiku apitawa. Akuluakulu awo akufuna webusaiti yatsopano chaka cha maphunziro chisanayambe, ndipo iwo apatsidwa ntchito yofufuza zimene ophunzira akufuna. Funso lawo linali lalifupi: aike mafunso angati pa fomu yoti atumize kwa ophunzira onse?

Mayi, funso lanuli landigwira mtima. Ndinakhala zaka zambiri pa desiki yothandizira ophunzira m'laibulale ngati yanuyo, ndipo ndinaona webusaiti ikukonzedwa ndi anthu amene sanaimepo kumbuyo kwa wophunzira n'kuona mmene akuvutikira nayo. Za fomuyo ndiyankha, koma mundilole ndiyambe ndi zimene maso angawa anaona.

Inali nyengo ya mayeso. Mtsikana wa chaka choyamba anafika pa desiki, foni ili m'manja, galasi lake litang'aluka pakona. Ankafuna mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Nditamuuza kuti ali pa webusaiti, anati wasakasaka koma sakuwaona. Ndinamupatsa mpando n'kumupempha kuti andionetse mmene anasakira. Anayambira pa bokosi lalikulu lofufuzira limene linali pamwamba penipeni, nalembamo dzina la kosi yake. Bokosilo linkangodziwa mabuku a m'mashelefu, choncho linamubweretsera mabuku amene sankawafuna. Anabwerera m'mbuyo. Anagunda pamene panalembedwa kuti E-Resources, ndipo panatuluka mndandanda wautali wa mayina: JSTOR, EBSCO, Emerald, ndi ena otero. Anauyang'ana chala chili m'malere, osadziwa pogunda. Mapepala amene ankafunawo anali mu Institutional Repository, nkhokwe ya pa intaneti yosungiramo zolemba za yunivesiteyo, mkati mwa menyu ina imene pa foni inkabisala kuseri kwa timizere titatu tija. Ndiyeno mwanayo anandipepesa. Anati, "Pepani, ineyo za makompyutazi sindizitha." Mwana wanzeru, amene anakhoza bwino mpaka kufika pa yunivesite, kudziimba mlandu chifukwa cha chinthu chimene chinakonzedwa mosamuganizira. Mpaka lero ndikakumbukira zimandiwawa.

Ndipo sanali yekha. Tsiku ndi tsiku pa desiki pankabwera mafunso amodzimodzi. Mutseka nthawi yanji lero? Buku ndinabwerekali ndingalionjezere bwanji masiku? Ndikakhala kunyumba n'chifukwa chiyani nkhani ya mu journal ikundiuza kuti ndilipire? Mayankho ake onse anali pa webusaiti. Nthawi yotsegulira ndi kutseka inali m'fayilo ya PDF, pansi penipeni pa tsamba, ndipo fayiloyo sinkasinthidwa nthawi ya tchuthi.

Nthawi yosintha webusaiti itakwana kunapangidwa komiti. Aliyense m'komitimo ankaimira gawo lake, ndipo aliyense ankafuna batani lake patsamba loyamba. A zogula mabuku, batani. A zolemba mabuku m'kaundula, batani. A zosunga zolemba zakale nawonso osafuna kutsalira. Pamwamba panaikidwa chithunzi chachikulu cha nyumba ya laibulale, pansi pake uthenga wa mkulu wa laibulale, kenako masomphenya ndi mbiri ya mmene laibulaleyo inayambira. Fomu ya mafunso inatumizidwadi kwa ophunzira, ndipo ambiri mwa amene anayankha anati webusaiti yakale ija inali bwinobwino. Komiti inasangalala. Yatsopano itatuluka inali yowala, ya mitundu yokongola, koma mtsikana uja akanabweranso akanasochera pamalo omwe aja.

Apa ndilankhula mosapsatira. Webusaiti zambiri za malaibulale ndi chithunzi cha maofesi a ogwira ntchito, amene ali pamwamba ndi amene ali pansi pa mnzake. Wophunzira alibe nazo ntchito zimenezo. Iye ali ndi asainimenti yofunika mawa m'mawa, ndipo akufuna nkhani zitatu zoti aziwerenge usiku uno. S. R. Ranganathan, katswiri wa za malaibulale wa ku India, analemba malamulo asanu a ntchito imeneyi mu 1931, ndipo lachinayi limati tisamutayitse nthawi wowerenga. Aliyense amene anaphunzira za laibulale analiloweza lamuloli. Koma tikafika pa webusaiti timalisiya pakhomo ngati nsapato, n'kulowa m'komiti kukalimbirana mabatani.

Palinso china chimene anthu a mkati sationa chifukwa tinachizolowera. Chimene timachitcha webusaiti imodzi nthawi zambiri ndi makina angapo omangiriridwa pamodzi. Kaundula wa mabuku akhoza kukhala pa pulogalamu yotchedwa Koha, imene inayambira ku New Zealand cha m'ma 2000. Zolemba za ophunzira ndi aphunzitsi zimakhala pa pulogalamu ina yotchedwa DSpace, imene yunivesite ya MIT ya ku America ndi kampani ya makompyuta ya HP anatulutsa mu 2002. Ma journal ali kwa eni ake kunja, ndipo kuti uwafikire uli kunja kwa sukulu umadutsa pa khomo lina lofuna pasiwedi. Ife timadziwa kuti izi ndi nyumba zosiyana. Wophunzira amangoona kuti wagunda penapake, mitundu yasintha, bokosi lofufuzira lasintha, ndipo akufunsidwanso pasiwedi imene sakudziwa ngati ndi ya imelo kapena ya kulembetsa makosi. Pamenepo amatseka tsambalo n'kupita pa Google. Sabwera kudzadandaula, ndipo fomu yanu sadzaiyankha.

Ndicho chifukwa chake fomu sindiikhulupirira ikakhala yokha. Amene amayankha ndi amene amaikonda kale laibulale. Komanso munthu ukamufunsa ngati chinthu chili bwino, amayankha mwaulemu kuti chili bwino, makamaka wofunsayo akakhala wa pasukulu pomwepo. Choposa apo, zimene anthu amanena kuti amachita ndi zimene amachitadi zimasiyana, osati chifukwa cha bodza, koma palibe amene amakumbukira kuti dzulo anagunda mabatani angati asanatope. Laibulale ya University of Rochester ku America inazindikira zimenezi m'zaka za m'ma 2000, ndipo inagwira ntchito ndi Nancy Fried Foster, katswiri wofufuza za chikhalidwe cha anthu, kuti aone mmene ophunzira amalembera ntchito zawo. Ankawapempha kujambula zithunzi ndi kulemba pa mapu malo amene ayenda tsiku lonse. Anapeza kuti ambiri amagwira ntchito zawo usiku kwambiri, nthawi imene pa desiki palibe munthu. Nthawi imeneyo wothandiza yekhayo amene watsala ndi webusaiti.

Ndisaiwale ophunzira osaona. Iwo amagwiritsa ntchito pulogalamu yowawerengera zimene zili pa sikirini. Chithunzi chopanda mawu ofotokoza, kapena batani lopanda dzina, kwa iwo n'chimodzimodzi kulibe. Bungwe la W3C, limene limaika miyezo ya mawebusaiti, lili ndi malangizo otchedwa WCAG othandiza kuti anthu olumala azitha kugwiritsa ntchito webusaiti, ndipo a 2.2 anatuluka mu 2023. Amanena ngakhale za kusiyana kwa mtundu wa zilembo ndi mtundu wa kumbuyo kwake, kuti kusachepere 4.5 kwa 1 pa zilembo wamba. Okonza webusaiti ambiri amakonda zilembo zotuwa pa tsamba loyera chifukwa zimaoneka zaudongo. Muwakanize. Muwakanizenso zithunzi zikuluzikulu zosinthasintha pamwamba, chifukwa wophunzira amene intaneti yake ikuchedwa amadikira chithunzi cha nyumba imene amaidziwa kale.

Ndiye muchite chiyani?

Pezani ophunzira asanu. Jakob Nielsen, katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka mawebusaiti, anafotokoza mu 2000 kuti anthu asanu amaulula pafupifupi 85 pa 100 ya mavuto a kagwiritsidwe ntchito ka webusaiti, ndipo kuti kuyesa kangapo ndi anthu ochepa kumaposa kuyesa kamodzi ndi khamu. Koma a chaka choyamba, a masters ndi aphunzitsi safuna zofanana, choncho gulu lililonse likhale ndi anthu ake, ndipo pakhale wina wogwiritsa ntchito pulogalamu yowerengera ija. Yambani ndi webusaiti yomwe ilipoyo, pa foni zawo zomwe. Apatseni ntchito zenizeni: pezani buku ili, onani ngati mawa tikutsegula, tsegulani nkhani iyi ngati muli kunyumba. Auzeni kuti mukuyesa webusaiti osati iwowo, apempheni chilolezo musanajambule kalikonse, ndipo funsani ngati komiti yoona za kafukufuku pasukulupo iyenera kuvomereza. Azilankhula zimene akuganiza uku akugunda. Inu mukhale chete, ngakhale mtima ukufunitsitsa kuwalozera. Chovuta kwambiri pa ntchito yonseyi n'chimenechi.

Kwa milungu ingapo lembani funso lililonse lofika pa desiki, ndipo pemphani a ICT akupatseni mawu amene anthu amalemba m'bokosi lofufuzira. Pokonza menyu, lembani ntchito zonse za laibulale pa timakadi, ophunzira atisanje m'magulu n'kutcha maguluwo mayina awoawo. Njira imeneyi imatchedwa card sorting. Ndipo pa tsiku loyesa itanani anthu awiri a m'komiti, makamaka olimbira batani lawo aja, akhale pakona aonere okha.

Fomu ibwere pamapeto pa zonsezi. Gwiritsani ntchito System Usability Scale, fomu yoyezera ngati chinthu n'chosavuta kugwiritsa ntchito, imene katswiri wina dzina lake John Brooke anakonza mu 1986. Ili ndi mafunso 10, ndipo zotsatira zake pa webusaiti yapakatikati zimakhala cha pa 68, pa muyezo wofika pa 100. Onjezerani funso limodzi loti munthu alembe chimene anabwerera pa webusaiti lero ndiponso ngati wachipeza. Muifunse pa webusaiti yakale, mudzaifunsenso pa yatsopano, kuti mudzakhale ndi manambala awiri oonetsa akuluakulu anu.