Sump ya madzi amchere: yambani mwaganizira za kuthima kwa magetsi

Achimwene, mwafunsa mmene mungagawire sump (kathanki ka pansi kosefera madzi) ndi refugium (chipinda chake cholimamo ndere) pa thanki yanu ya nsomba za m'madzi amchere ya malita 300. Ine kuno ku Senga Bay ndinayamba ndi mbuna, zamcherezi ndalowa pambuyo, ndiye ndikuuzeni zomwe ndaona ndi maso.

Musanadule galasi ndi limodzi lomwe, ganizirani magetsi. Akangothima pampu yobwezera madzi m'thanki imaima, madzi a pamwamba amatsikira mu sump, paipi yobwezera nayo imayamwa ena chobwerera. Ine tsiku lina ndinadzuka usiku n'kuponda madzi, mkeka wonse uli chonyowa, kutacha mchere uli mbuu m'mbali mwa khoma. Choncho pezani sump ya malita 80 kapena 100, koma pampu ikamayenda madzi azingopitirira theka pang'ono. Pa paipi yobwezera boolani kabowo, pansi pang'ono pa pomwe madzi a m'thanki amalekezera, kuti mpweya ukalowa kuyamwako kuthe. Mukatero zimitsani dala pampu, muone pomwe madzi aime.

Zipinda zitatu mu sump n'zokwana: polowera madzi pokhala skimmer (chida chochotsa zonyansa ndi thovu), pakati refugium, kumapeto pampu. Madzi asanafike pa pampu ikani magalasi atatu oyandikana kuti thovu lisakwere.

Mu refugium ikani chaeto, ndere yobiriwira yopotanapotana ngati ulusi wosokonekera. Imadya nitrate ndi phosphate, zoipa zochokera ku ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala, komanso ma copepod, tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, amaswana m'menemo, nsomba n'kumadya. Nyali yake iziyaka usiku, ya pamwamba itazima, pH (muyeso wa asidi m'madzi) siitsika kwambiri. Ikachulukana muzizulako n'kutaya, chifukwa zoipazo zimatuluka nayo pamenepo. Chonde ndere ya m'nyanja yathu ino musaikemo, ndi ya madzi opanda mchere, ingowola.

Chinanso ndi kutentha kwa Salima kuno, makamaka Okutobala. Madzi amauma msanga koma mchere umatsala, ndipo kuchepako kumaonekera m'chipinda cha pampu chokha. Chimenechi ambiri amachipanikiza pofuna refugium yaikulu, ine sindigwirizana nazo. Chipatseni malo, apo ayi pampu idzayenda pouma n'kupsa inu muli kuntchito. Powonjezera thirani madzi a RO (osefedwa ndi makina a reverse osmosis) opanda mchere, osati a pamjigo, ndipo muziyeza kuti mchere uzikhala pa 1.025 pa choyezera mchere (specific gravity). Kafani kowuzira pamwamba pa sump kamathandiza kuti madzi akhale pa madigiri 25 kapena 26, kungoti kamaumitsanso madzi, ndiye chigubu cha RO chizikhala pafupi.

Tumizani miyeso ya kabati yomwe sump ikhalemo, tiwerengere limodzi pomata magalasiwo.