Wapolisi woledzera ndi chinjoka cholavula moto

Achemwali ena ogwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, kuno ku Joni, anditumizira imelo. Abwana awo anawapatsa buku la Terry Pratchett, Guards! Guards!, ndipo amaliwerengera m'takisi yochokera pa siteji ya Bree. Akuti aseka mpaka pakati, kenako alitseka. Akufunsa kuti: "Nkhani yofufuza chigawenga ikhalenso ndi matsenga? Wolemba akathedwa nzeru sangonena kuti zachitika mwaufiti basi?"

Achemwali, litseguleninso. Alipodi olemba amene amabisala kuseri kwa matsenga, ndipo ine amandikwiyitsa, koma uyu sali m'gulumo.

Takumbukirani kumudzi. Ngakhale nkhani za ufiti zili ndi malamulo ake. Amati lichero louluka usiku likadutsa pamwamba pa nyumba yotsirika limagwa. Sing'anga sapereka mankhwala osatchula chizimba. Wodziwa malamulowo ndiye angathe kulondola mapazi.

M'buku la 1989 limeneli chinjoka sichingotulukira. Wina waba buku la matsenga ku laibulale ya yunivesite. Kagulu ka anthu ansanje kamakumana mobisa usiku, ndipo kuti kaitane chinjokacho kayenera kusonkhanitsa tizinthu ta matsenga timene timatheratu mphamvu tikangogwira ntchito. Sam Vimes, mkulu wa alonda ausiku mumzinda wopeka wa Ankh-Morpork, timamupeza ataledzera ali gone m'ngalande. Koma atafika pamalo pamene anthu apserera, n'kuona phulusa pansi ndi zithunzithunzi zawo pakhoma, akana kukhulupirira bodza limene akuluakulu akufuna alivomere. Imeneyo ndi ntchito yaupolisi yeniyeni. Mwini chiwembu sindimutchula, mumupeze nokha.

Za nthabwalazo, musadzimvere chisoni kuti mwaseka pamene anthu akufa m'bukumo. Pa siwa azibambo akazungulira moto panja saleka kuseketsana, ngakhale kuno ku Joni tikamasonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi. Misozi imakhala ilipobe.

Mukafuna nkhani yotere ya kuno konkuno, funani Zoo City ya Lauren Beukes ya 2010, yochitikira ku Hillbrow, ngakhale iyo ndi yowawa kuposa yoseketsa.

Koma yambani mwatsiriza loyambali. Mudzandilembere mukafika pamene chinjoka chavekedwa ufumu, n'kulamula kuti chizipatsidwa namwali mwezi ndi mwezi, ndipo anthu olemekezeka a mumzindamo akungoweramitsa mitu. Ine pamenepo kuseka kunandithera.