Ngati Sizithiridwa Mafuta, Nanga Zimakhaliranji Padoko Zaka Zinayi?

FUNSO: Ndinamva kuti sitima zankhondo zonyamula ndege, zomwe zimayendera mphamvu ya nyukiliya, zimatha zaka zoposa 20 osathiridwa mafuta. Nanga n'chifukwa chiyani zimakhalitsa padoko zikukonzedwa, ndipo masipeyala ake amachokera kuti?

YANKHO: Zimene munamvazo n'zoona pa sitima za ku America, koma zikukhudza ng'anjo ya nyukiliya yokha. Ng'anjoyi, yomwe imagwiritsa ntchito yureniyamu, imatenthetsa madzi kuti pakhale nthunzi yopukusa makina, pomwe mbali zina zonse za sitimayo, monga mapampu, mapaipi, mavavu ndi mawaya a magetsi, zimaperepeseka ndi kudyedwa ndi dzimbiri la madzi amchere monga zimachitira pa sitima ina iliyonse.

Mayiko amene ali ndi sitima zotere ndi awiri okha, America ndi France. Sitima za ku America za mtundu wa Nimitz, zomwe zilipo khumi ndipo yoyamba inayamba ntchito mu 1975, zinapangidwa kuti zigwire ntchito zaka pafupifupi 50. Zikafika pakati pa zaka zimenezi, zimapita ku Newport News m'chigawo cha Virginia, kumene amisiri amaboola sitimayo kuti afike pa ng'anjo zake ziwiri, n'kusintha yureniyamu, komanso kukonzanso pafupifupi chilichonse chimene sichikanatheka kukonzedwa panyanja. Ntchitoyi imatenga zaka zinayi kapena kuposerapo.

Nkhani ya masipeyala ndiyo imasowetsa mtendere akuluakulu a asilikali apamadzi. Zida zina zimatha msanga kwambiri: chingwe chachitsulo chimene ndege imakola ikamatera chimachotsedwa chikangokola ndege zana limodzi kapena kuposerapo pang'ono, ngakhale chikuoneka chabwinobwino, chifukwa chikaduka chingathe kupha anthu amene ali pabwalo loterapo ndegelo. Zida zoterezi zimasungidwa m'sitima momwemo, ndipo zina zofunika mwamsanga zimabwera pa ndege zonyamula katundu, monga C-2 Greyhound ndi CMV-22B Osprey yomwe ikulowa m'malo mwake.

Vuto lenileni lili pa zida zikuluzikulu. Popeza sitimazi n'zochepa, palibe fakitale imene ingamapange zida zake n'kumaziunjika kudikira wogula, ndipo pamene chida chikuwonongeka patapita zaka 30, nthawi zina kampani imene inachipanga imakhala itatsekedwa kalekale. Apa m'pamene asilikali amachita zimene makaniko aliyense amadziwa, zomasula chida pa galimoto yakufa kuti inzake iyende. USS Enterprise, sitima yoyamba padziko lonse yonyamula ndege yoyendera nyukiliya, yomwe inayamba ntchito mu 1961 ili ndi ng'anjo zisanu ndi zitatu, itasiya kugwira ntchito mu 2012 inasanduka nkhokwe ya masipeyala, moti nangula wake mmodzi anakamuika pa USS Abraham Lincoln. Ngakhale sitima yatsopano ya USS Gerald R. Ford, yomwe inaperekedwa kwa asilikali mu 2017, inabwerekapo zida kuchokera pa USS John F. Kennedy imene inali isanamalizidwe n'komwe, zomwe ife tikuona kuti ndi kusamutsa vuto chabe, osati kulithetsa.

France ndiye ili pamavuto oposa, chifukwa ili ndi sitima imodzi yokha, Charles de Gaulle. M'chaka cha 2000, ikuyesedwa panyanja ya Atlantic, pulopela yake imodzi (chitsulo chozungulira m'madzi chimene chimakankha sitima) inathyoka, ndipo zitapezeka kuti mapulopela a sipeyala nawonso anali ndi vuto lomwelo, anaikapo mapulopela a sitima zakale za mtundu wa Clemenceau, omwe anachepetsa liwiro lake kwa zaka zingapo kufikira atsopano atapangidwa. Nthawi iliyonse imene sitimayi ili padoko ku Toulon kukonzedwa, dzikolo limakhala lopanda sitima ina yonyamula ndege yoti ilowe m'malo mwake.