Kodi nkhondo ya Turkey ndi Akurdi yathadi?

Achimwene, mwati mwaona kanema wa asilikali a PKK, gulu la Akurdi lomwe lakhala likumenyana ndi boma la Turkey, akuponya mfuti zawo pamoto, ndiye mukufunsa ngati nkhondo ya Turkey ndi Akurdi yathadi, komanso chimene Turkey imadanira nawo anthu amenewa. Khalani pansi bwinobwino, nkhaniyi ndi yaitali. Amene amanena kuti ndi nkhondo ya chipembedzo aphonya. Aturki ambiri ndi Asilamu a Sunni, Akurdi ambiri chimodzimodzi, amaswali mzikiti umodzi ndipo amakwatirana. Mkangano wake ndi wa malo, chilankhulo ndi ulamuliro.

Komanso tisamayankhule ngati kuli mbali ziwiri zokha, Turkey uku, Akurdi uko. Akurdi alipo pakati pa 30 ndi 40 miliyoni, omwazikana m'maiko anayi: Turkey, Iraq, Iran ndi Syria. Pafupifupi theka la iwo ali ku Turkey. Pakati pawo alipo ambiri ndithu amene amavotera chipani cha Erdoğan, pulezidenti wa Turkey, ndipo Mehmet Şimşek, amene Erdoğan anamupatsanso unduna wa zachuma mu 2023, ndi Mkurdi. Boma la Turkey lili ndi Akurdi amene limawaphulitsira mabomba, ena limawatsekera m'ndende, ena limagula nawo mafuta n'kumadyera nawo limodzi. Mukagwira pamenepa, zina zonsezi simuvutika nazo.

Chiyambi chake ndi kugwa kwa ufumu wa Ottoman, umene unkalamulira Turkey ndi maiko ozungulira, itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pangano la Sèvres la mu 1920 linatsegula khomo loti Akurdi atha kudzakhala ndi dziko lawolawo. Mustafa Kemal Atatürk analikana panganolo, n'kumenya nkhondo mpaka kupambana, ndipo pangano latsopano la Lausanne la mu 1923 silinatchule n'komwe dzina la Akurdi. Malire anangodutsa pakati pawo. Ife Achewa zimenezi sizachilendo, tili ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa cha mizere imene anajambula ena. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timapita ku Kulamba ku Mkaika, kukagwada kwa Kalonga Gawa Undi n'kubwerako bwinobwino, pamene Mkurdi wa ku Turkey kwa zaka zambiri ankatha kumangidwa chifukwa chokoleza moto wa Newroz, chikondwerero chawo cha chaka chatsopano cha pa 21 Malichi.

Dziko limene Atatürk anamanga linkafuna mtundu umodzi ndi chilankhulo chimodzi. Akurdi anayamba kutchedwa Aturki a m'mapiri. Sheikh Said ataukira boma mu 1925 ananyongedwa. Ku Dersim mu 1937 ndi 1938 asilikali anapha anthu zikwizikwi. Midzi inasinthidwa maina. Asilikali atalanda boma mu 1980, ndende ya ku Diyarbakır inasanduka malo ozunzirako anthu mosaneneka, ndipo mu 1983 kunabwera lamulo lotsekereza Chikurdi, lomwe linadzachotsedwa mu 1991. Chaka chomwecho mayi wina phungu, Leyla Zana, anawonjezera chiganizo chimodzi cha Chikurdi polumbira m'nyumba ya malamulo. Mu 1994 anamumanga, ndipo anakhala m'ndende zaka khumi.

PKK inabadwira m'nthaka imeneyo. Abdullah Öcalan ndi anzake anaikhazikitsa mu 1978, n'kuyamba kuwombera pa 15 Ogasiti 1984 ku Eruh ndi Şemdinli, akufuna dziko lodziimira palokha la Kurdistan. Pano tisabise mawu. PKK inapha aphunzitsi, alonda a m'midzi amene anali Akurdi anzawo pamodzi ndi mabanja awo, komanso anthu wamba m'matauni. N'chifukwa chake Turkey, America, Britain ndi European Union onse anaiika pa mndandanda wa zigawenga. Nalo boma m'zaka za m'ma 1990 linasamutsa ndi kuwotcha midzi pafupifupi 3,000, ndipo anthu ambiri anangosowa osaonekanso. Onse amene afa pa nkhondoyi ndi oposa 40,000. Wina akamakuuzani kuti mbali imodzi ndi yoyera, dziwani kuti wangomva theka.

Kodi mukudziwa kuti Öcalan anagwidwira kuno ku Africa? Anakhala zaka pafupifupi 20 akubisala ku Syria, mpaka mu 1998 pamene Turkey inaopseza pulezidenti wa dzikolo, Hafez al-Assad, ndi nkhondo. Assad anamuthamangitsa. Munthuyo anayendayenda ku Russia, Italy ndi Greece, aliyense akumukana, mpaka anakathera kunyumba ya kazembe wa Greece ku Nairobi. Pa 15 Febuluwale 1999, akupita ku bwalo la ndege, anapezeka ali m'manja mwa akazitape a Turkey. Anamugamula kuti anyongedwe, koma Turkey itathetsa chilango cha imfa mu 2002 pofuna kulowa mu European Union, anamusinthira kuti akhale m'ndende moyo wake wonse pa chilumba cha İmralı. Ali m'ndendemo anasiya nkhani ya dziko lodziimira palokha, n'kuyamba kunena za ufulu ndi kudzilamulira m'madera mkati mwa malire omwe alipo kale.

Tsopano tiyeni ku Iraq, chifukwa kumeneko ndi kumene nkhani ya "Turkey imadana ndi Akurdi" imasokonekera. Akurdi a ku Iraq anazunzika kwambiri pansi pa Saddam Hussein. Ku Halabja pa 16 Malichi 1988 anthu pafupifupi 5,000 anafa ndi mpweya wapoizoni tsiku limodzi. Kuyambira 1991 anayamba kudzilamulira kumpoto, ndipo malamulo oyendetsera dziko a mu 2005 anavomereza boma lawo la chigawo lomwe likulu lake ndi Erbil. Mkurdi, Jalal Talabani, anafika pokhala pulezidenti wa Iraq yense. Koma m'chigawomo muli mabanja awiri osamwerana madzi: a Barzani ndi chipani chawo cha KDP ku Erbil, a Talabani ndi PUK ku Sulaymaniyah. Anamenyana okhaokha kuyambira 1994, ndipo mu 1996 Masoud Barzani anaitana asilikali a Saddam, yemwe uja wa Halabja, kuti amuthandize kulanda Erbil m'manja mwa Akurdi anzake.

A Barzani omwewa ndi abwenzi a boma la ku Ankara, likulu la Turkey. Makampani a ku Turkey ndi amene amanga mbali yaikulu ya Erbil, katundu wa m'masitolo amachokera ku Turkey, ndipo mafuta a chigawocho amatuluka pa paipi yokathera ku doko la Ceyhan ku Turkey. Mu Novembala 2013 Erdoğan anaima pa nsanja imodzi ndi Masoud Barzani mu mzinda wa Diyarbakır. KDP siikonda PKK, imaiona ngati mlendo wodzakhala m'mapiri a Qandil popanda kupempha, ndipo imangoyang'ana kumbali pamene Turkey ikumanga misasa ya asilikali ndi kuponya mabomba m'dera lake. Koma ubwenziwo uli ndi pothera. Barzani atachititsa riferendamu pa 25 Sepitembala 2017, anthu oposa 92 pa 100 alionse n'kuvota kuti achoke mu Iraq, Erdoğan anaopseza kuti atseka paipi ija. Turkey, Iran ndi Baghdad, amene sagwirizana pa zambiri, pamenepa anayankhula chimodzi. Pasanathe mwezi Akurdi anali atataya mzinda wa Kirkuk ndi zitsime zake za mafuta.

Ku Syria ndiye kumene kunapsa. Nkhondo yapachiweniweni itabuka, Akurdi a kumpoto anayamba kudzilamulira, ndipo gulu lawo lankhondo la YPG linkatsatira maganizo a Öcalan, zithunzi zake zinali ponseponse. Kwa Turkey, YPG ndi PKK yomweyo yangosintha malaya. Mu 2014 gulu la zigawenga la ISIS litazinga tauni ya Akurdi ya Kobani, akasinja a Turkey anangoima pa phiri kutsidya kwa malire n'kumaonerera. Patapita masabata Ankara inalola thandizo kudutsa m'dziko lake, koma linali la asilikali a Barzani, a Peshmerga. America ndiyo inathandiza YPG ndi ndege, ndipo mu 2015 kunapangidwa gulu la SDF, lotsogozedwa ndi YPG, lomwe linalanda Raqqa mu 2017 n'kumaliza ISIS ku Baghouz mu 2019.

Taganizani mmene Ankara inkaonera zimenezi. Turkey ili mu NATO kuyambira 1952, ndiye mnzake wa mu NATO akupereka zida kwa anthu amene iyo imawatcha zigawenga, pa malire ake penipeni. Turkey inalowa mu Syria mu 2016, mu 2018 pamene inalanda Afrin, ndi mu Okutobala 2019 Donald Trump atachotsa asilikali ake m'malire. Apa America inawagwiritsa Akurdi fuwa lamoto, pajatu SDF imati inataya asilikali pafupifupi 11,000 pomenyana ndi ISIS. Nkhani yomweyi inafika mpaka ku Sweden, yomwe inapempha kulowa NATO mu Meyi 2022 koma inadikira mpaka Malichi 2024, makamaka chifukwa Erdoğan ankati imasunga anthu a PKK.

Musanakondwe ndi kanema mwaonayo, dziwani kuti aka si koyamba. Pa Newroz ya 2013 kalata ya Öcalan yolamula kuti mfuti zikhale chete inawerengedwa pamaso pa chinamtindi cha anthu ku Diyarbakır. Zinthu zinkaoneka ngati zikuyenda. Ndiye pa chisankho cha mu Juni 2015 chipani cha HDP chomenyera ufulu wa Akurdi, motsogozedwa ndi Selahattin Demirtaş, chinapeza mavoti 13 pa 100 alionse, ndipo chipani cha Erdoğan chinalephera koyamba kupeza aphungu okwanira kulamulira chokha. Mwezi wotsatira nkhondo inayambiranso. Anyamata a PKK anakumba maenje m'misewu ya m'matauni, boma linabwera ndi akasinja, ndipo madera a Cizre, Sur ndi Nusaybin anasanduka mabwinja. Demirtaş anamangidwa mu Novembala 2016. Khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linalamula mu 2020 kuti amasulidwe, koma mu 2024 khoti la ku Turkey linamupatsa zaka 42.

Za ulendo uno zinayamba modabwitsa. Devlet Bahçeli, mtsogoleri wa chipani cha MHP chokomera mtundu wa Aturki komanso mnzake wa Erdoğan mu boma, ndi munthu amene mu 2007 anaponya chingwe pa msonkhano wa ndale kuti Öcalan anyongedwe nacho. Yemweyo pa 22 Okutobala 2024 ananena kuti Öcalan abwere adzayankhule ku nyumba ya malamulo ngati angalengeze kutha kwa PKK. Pa 27 Febuluwale 2025 Öcalan anapempha gulu lake kuti litule zida pansi n'kudzithetsa. Pa 12 Meyi PKK inalengeza kuti yatero. Pa 11 Julayi asilikali 30, amuna ndi akazi, anawotcha mfuti zawo pafupi ndi phanga lina m'chigawo cha Sulaymaniyah, ndipo ameneyo ndiye kanema wanu uja.

Galu wamkota sakandira pachabe. Ine ndikuona zifukwa zitatu, ndipo chifundo sichili pa mndandandawo. PKK mkati mwa Turkey inali itafooka kale, ma drone opangidwa konko anachititsa kuti kuyenda m'mapiri kukhale kudzipereka ku imfa. Chachiwiri ndi chigawo chonsecho kugwedezeka: Bashar al-Assad wa ku Syria anagwa pa 8 Disembala 2024, boma latsopano la Ahmed al-Sharaa ndi bwenzi la Ankara, ndipo nduna ya zakunja ya Israel, Gideon Sa'ar, inali itangotchula Akurdi kuti ndi abwenzi achibadwidwe a dziko lake. Turkey sikufuna kuti mdani wina adzagwiritse ntchito Akurdi ngati chikwapu chomenyera iyo. Chachitatu ndi masamu a mpando. Nthawi ya Erdoğan ikutha mu 2028, ndipo kuti aimenso pakufunika kusintha malamulo oyendetsera dziko kapena kuti aphungu 360 mwa 600 aitanitse chisankho nthawi isanakwane. Iye ndi Bahçeli safika pamenepo. Chipani cha DEM, cholowa m'malo mwa HDP, chili ndi aphungu oposa 50. Erdoğan amakana kuti nkhani ndi imeneyi, koma onani kuti m'Malichi 2025, mtendere ndi PKK uli mkati mokambidwa, mfumu ya mzinda wa Istanbul, Ekrem İmamoğlu, amene akanapikisana naye mwamphamvu, anamangidwa.

Ndiye yatha? Nkhondo ya mfuti pakati pa PKK ndi asilikali a Turkey ndikukhulupirira kuti ikuthadi, chifukwa mbali zonse ziwiri zatopa nayo ndipo palibe amene angapindulenso nayo. Koma zimene zinaibereka zikadalipo. Tsiku limene mfuti zinkawotchedwa, Demirtaş anali adakali m'ndende ku Edirne, Öcalan ali pa chilumba chake, ndipo mizinda ingapo ya Akurdi inkayendetsedwa ndi anthu oikidwa ndi boma m'malo mwa mafumu a mizinda amene anthu anasankha. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa kuphunzitsa mwana chilankhulo china kupatula Chiturki ngati chilankhulo cha makolo ake, ngakhale kuti kuyambira 2012 Chikurdi chimaloledwa ngati phunziro longosankha. Gawo 66 limati nzika iliyonse ya dzikolo ndi Mturki.

Ngati mukufuna kutsatira nkhaniyi, musamawerenge mfuti zowotchedwa. Yang'anani ngati komiti ya aphungu imene inakhazikitsidwa mu Ogasiti 2025 ibale lamulo lolola asilikali a m'mapiri kubwerera kwawo osakathera m'ndende. Yang'ananinso ku Syria, kumene Mazloum Abdi wa SDF ndi al-Sharaa anasainirana pa 10 Malichi 2025 kuti SDF ilowe m'gulu la asilikali a boma. Kusaina kunali kosavuta, koma panatsala kugwirizana ngati alowe ngati gulu lokhala ndi akuluakulu ake kapena aliyense payekhapayekha, ndipo Ankara inkaumirira zoti alowe payekhapayekha.