Kwa mayi a ku Kalongwezi amene aopsezedwa za yoga ali kumwezi

Amayi a ku Kalongwezi, musasiye yoga yanu ndipo musagone ndi mantha chifukwa cha zimene mwauzidwazo, zoti mukaima chadodolido muli kumwezi magazi amabwerera m'kati n'kuwononga chiberekero. Ndawerenga mayankho amene anzathu alemba pamwambapa, ndipo ambiri akungokuopsezani, wina akuti mudzakhala wosabereka, wina akuti magazi adzakwera kumutu. Ndikulemba manja akunjenjemera, chifukwa mawu omwewa ndi amene anandichedwetsa kupita kuchipatala mpaka ndinakafikako anthu atachita kundinyamula.

Tinkakumana Loweruka m'mamawa kudzachita yoga, masewera olimbitsa thupi ochokera ku India aja, m'holo ina kuno ku Chipata, amayi a ntchito zosiyanasiyana, aphunzitsi, a m'maofesi, ndiponso ena amene tikamaliza ankathamangira kukatsegula malonda awo ku Saturday Market. Wotiphunzitsa anali mayi wa pakamwa potsekemera, ndipo asanayambe chilichonse ankafunsa mokweza kuti ndani ali kumwezi, kenako oterowo ankawauza kuti ayale mphasa zawo kumbuyo pafupi ndi khomo. Nthawi imeneyo msambo wanga unali utasintha. Unkapitirira sabata, unkabwera ndi magazi oundana ngati zidutswa za chiwindi, ndipo usiku ndinkagonera chitenje chopinda ngakhale ndavala padi, komabe m'mawa ndinkachapa zofunda. Ndinamuitanira pambali mayiyo n'kumufotokozera, poti tonse tinkamutenga kuti ndi munthu wodziwa za thupi. Funso lake linali limodzi lokha, lakuti kodi kunyumba ndinachitapo sirsasana, kuima ndi mutu kuja, ndili kumwezi. Nditavomera, anawomba m'manja n'kunena kuti ndadzivulaza ndekha, kuti magazi akale anabwerera n'kuunjikana, ndipo amene akutulukawo ndi thupi likudziyeretsa. Anandiletsa kupita kuchipatala, amvekere kumeneko sadziwa china koma kuchotsa chiberekero, ndipo anandigulitsa tiyi wa masamba wa m'kapepala kopanda dzina, amene ankati amatsuka m'mimba.

Loweruka lina ndinafika ndili wofooka kale, moti kamtunda kochokera pamene wanjinga ananditsitsa kukafika pakhomo la holo ndinakayenda ndikuima kuti ndikoke mpweya. Ndinayala mphasa yanga kumbuyo monga mwa lamulo lake. Sitinkachita chilichonse chovuta, tinangogwada n'kuweramira kutsogolo, koma atanena kuti tiimirire ndinamva kutentha kukutsika m'miyendo yonse iwiri. Magazi anapyola padi, anapyola thalauzi, anafika pamphasa mpaka pasimenti. M'makutu munayamba kulira, m'maso munachita mdima, ndipo ndinagwira khoma ndi manja onse kuti ndisagwe chamutu. Ndili chigwirire khomalo ndinamva mawu ake akuuza gulu lonse kuti: "Onani amayi, izi ndi zimene zimachitikira munthu wosamvera malangizo." Anauza amene anali pafupi nane kuti akoke mphasa zawo zisadetsedwe, ndipo anatuma mtsikana wina kukatenga chokolopera. Sanandifunse ngati ndikutha kuona, sanandipatse ngakhale madzi akumwa. Amene anandithandiza ndi mayi wina wogulitsa salaula, amene tinkangopatsana moni basi. Anamasula chitenje chake, anandimanga nacho m'chiuno, anandikhazika pansi mutu uli pakati pa mawondo, n'kuthamangira kumsewu kukaimitsa takisi imene analipira ndi ndalama zake.

Kuchipatala namwino anangokoka chikope changa cham'munsi, anaona kuti m'kati muli mbee, anayang'ananso zikhato, ndipo sanadikire kuti ndifotokoze zambiri. Anandiyeza magazi, anandiika diripi, kenako anandiwonjezera magazi. Sikani inasonyeza zotupa za m'chiberekero, zimene madotolo amazitcha fibroids, ndipo chimodzi chinali chachikulu moti dotolo anati chakhala chikukula kwa zaka. Ndinamufunsa misozi ili mbwembwembwe ngati ndinazichititsa ndekha poima ndi mutu. Anandiyankha modekha kuti zotupa zimenezi zimamera mumnofu wa chiberekero, zimakula chifukwa cha mahomoni a estrogen ndi progesterone, zimayenda kumtundu, ndipo zimapezeka kwambiri mwa ife akazi akuda. Anati amayi a ku Chadiza ndi ku Vubwi, amene dzina la yoga sanalimvepo n'komwe, amabwera nazo nthawi zonse. Pambuyo pake anachotsa zotupa zokha, chiberekero changa chilipo.

Mayi uja sanabwere kudzandiona. Nditatuluka ndinapeza atandichotsa pagulu lake la WhatsApp, ndipo ndinamva kuti ankauza ena kuti ndinadwala chifukwa chosamaliza tiyi wake. Mpaka lero akuphunzitsabe, ndipo akugulitsabe timapepala take. Sindimutchula dzina, koma ngati ali pagulu pano adziwe kuti manyazi a tsiku lija ndinawapirira, chimene sindinamukhululukire ndi miyezi imene ndinakhala ndikutaya magazi m'nyumba, ndikudziimba mlandu, pamene chipatala chili m'tauni momwemuno. Kuyambira mu 2014, pamene bungwe la United Nations linasankha 21 June kukhala tsiku la yoga padziko lonse, masewerawa afala mpaka kwathu kuno, ndipo zimenezo ndi zabwino. Choipa ndi chakuti munthu akangoonera mavidiyo pa YouTube, mawa lake wayamba kuyankha mafunso oyenera dotolo, ndipo mkazi amene akuvutika amamumvera chifukwa akulankhula molimba mtima ndi mawu a ku India amene tonse sitikuwamva.

Thupi lathu limagwira ntchito motere, monga momwe anandifotokozera ndili gone pabedi. Chiberekero ndi mnofu wamphamvu, ndipo pa nthawi ya msambo chimadzifinya chokha chifukwa cha timadzi ta m'thupi totchedwa prostaglandin. Kufinyako ndi kumene kumakankhira magazi kukhomo la chiberekero, ndipo ndi kumene timamva kupotokola m'munsi mwa mchombo ndi kumsana. Magazi sadikira kuti muimirire kaye. Tonse timagona usiku wonse ndipo amatulukabe, odwala amene sadzuka pabedi amasamba ali chigonere, ngakhale akazi amene anapitapo m'mlengalenga, kumene chinthu sichigwa pansi, amasamba bwinobwino. Mukatembenuka kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, magazi amene anali kale panjira amangodikha pang'ono, n'chifukwa chake mukaimirira mumamva ngati awonjezeka. Njira yochokera m'chiberekero kupita kumutu kulibe.

Nkhani ya kubwerera kwa magazi ili ndi kumene inachokera, koma anthu anaitola theka. Mu 1927 dotolo wa ku America, John Sampson, anafotokoza kuti magazi ena a msambo amadutsa m'machubu n'kugwera m'mimba, ndipo anaganiza kuti ndi chimene chimayambitsa matenda a endometriosis, amene timinofu tofanana ndi ta m'kati mwa chiberekero timamera kunja kwake. Patapita zaka kunapezeka kuti kubwerera pang'ono kumeneku kumachitikira akazi pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse, ochita yoga ndi osachita omwe, ndipo thupi limawachotsa lokha. Endometriosis imagwira mkazi mmodzi mwa 10 a msinkhu wobereka, amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti ndi akazi ndi atsikana pafupifupi 190 miliyoni padziko lonse. Ndi matenda enieni, owawa kwambiri, oyenera dotolo, koma palibe kafukufuku amene wasonyeza kuti amabwera chifukwa choima chadodolido.

Lamulo loletsa lija ndi la mwambo wa aphunzitsi ena a ku India. B.K.S. Iyengar wa ku Pune, amene anamwalira mu 2014, pamodzi ndi mwana wake Geeta, ankaphunzitsa kuti mkazi ali kumwezi asachite sirsasana, sarvangasana yoima ndi mapewa, ndi halasana yoponya miyendo kuseri kwa mutu. A ku Mysore, a yoga ya Ashtanga, amapatsa akazi masiku atatu opuma. Chifukwa chawo ndi chikhulupiriro chakuti m'thupi muli mphamvu yotchedwa apana imene imayenda motsika, ndipo kutembenuka kumaisokoneza. Munthu atha kulemekeza chiphunzitso chimenecho, ndipo ambiri amachitsata mokondwa, koma aphunzitsi enanso odziwa ntchito yawo sachitsata, ndipo aphunzitsi a ku India amenewa sanauze mkazi amene akutaya magazi kuti athawe chipatala.

Ife Achewa ndi Angoni sitingadabwe nazo, chifukwa nafenso tinakula ndi malamulo athu. Kuchinamwali alangizi anatiuza kuti tili kumwezi tisathire mchere m'ndiwo kuopa kudula a panyumba, kuti bambo angayambe kutsokomola ndi kutupa ndi mdulo, ndiponso kuti tisadutse m'munda wa nsawa kapena wa maungu. Anatiphunzitsanso za mkanda wofiira wouza bambo kuti adikire, za kuchapa ndi kuyanika nsalu, za kudzisamalira, ndipo zambiri mwa zimenezo ndimaziyamikira mpaka lero. Koma mchere wothiridwa ndi dzanja la mkazi amene ali kumwezi ndi mchere basi. Bambo akamatsokomola kwa masabata, akuwonda, akutuluka thukuta usiku, akayezetse TB, asayang'ane mkazi wake ndi diso loipa. Zikhulupiriro zonsezi, zathu ndi za ku India, zimandiopsa pa chinthu chimodzi, chakuti matenda akabwera m'nyumba mlandu umagwera mkazi, ndipo pamene tikufufuza chimene analakwitsa matendawo akukula. Ngakhale zili choncho, ndikapita kwa apongozi kumudzi ku Katete ndimaitana mwana kuti andithirire mchere, chifukwa sindifuna kuwawitsa mtima wa mayi wokalamba pa nkhani ya ndiwo, ndipo inunso ndikukulangizani kuti mutero.

Tsopano za mphasa yanu. Palibe kachitidwe ka yoga koletsedwa ndi madotolo chifukwa cha msambo wokha, ndipo kuyendetsa thupi kumachepetsa ululu kwa akazi ambiri. Komabe ine masiku oyamba, pamene magazi ali ochuluka, sindiima ndi mutu ngakhale ndi mapewa, ndipo inunso musatero. Munthu akakhala wofooka kapena ali ndi chizungulire, kuika thupi lonse pakhosi ndi kuika moyo pachiswe, ndipo khosi likavulala silichira msanga. Masiku amenewo ndimachita balasana, kugwada n'kutsamiritsa chifuwa pa pilo, chipumi chili pansi. Ndimagonanso chagada, zidendene zitakumana, mawondo atatseguka ndipo atatsamira mapilo mbali zonse, ndikupuma pang'onopang'ono mpaka mimba itafewa. Msana ukamawawa ndimakwawa ndi manja ndi mawondo, ndikuukweza ndi kuutsitsa motsatana ndi mpweya. Madzulo ndimaika miyendo pakhoma msana uli pansi, ndipo ndikudziwa kuti ena anena kuti kumenekonso ndi kutembenuka, koma kumandichotsera kulemera kwa miyendo. Zokoka mimba mwamphamvu ndi zopuma mothamanga zija muzisiye kaye ngati zikuwonjezera kupotokola. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje limathandiza, ibuprofen nayenso amathandiza chifukwa amachepetsa prostaglandin, koma mumwe mutadya, ndipo ngati muli ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso, kapena mukuganiza kuti muli ndi pakati, funsani kaye kukiliniki.

Mphunzitsi wanu akafunsa pagulu kuti ndani ali kumwezi, simukakamizidwa kuyankha, ndipo akakuuzani kuti mukhale kumbuyo pafupi ndi khomo, pindani mphasa yanu mukapeze wina. Akakugulitsani chakumwa chotsuka chiberekero, musachilandire, chiberekero sichifuna kutsukidwa.

Chimene ndikufuna muyang'anitsitse ndi magazi enieniwo, chifukwa munanena kuti mwezi watha anachuluka. Mkazi wabwinobwino amataya mamililita 30 mpaka 40 pa msambo wonse, ndipo akapitirira 80 madotolo amati ndi ochuluka. Palibe amene amayeza ndi kapu, choncho onani zizindikiro. Ngati padi ikudzadza pa ola limodzi kapena awiri, ngati mukudzuka usiku kukasintha, ngati msambo ukupitirira masiku 7, ngati mukutuluka magazi oundana akuluakulu, kapena mukutaya magazi pakati pa mwezi kapena mutakhala malo amodzi ndi bambo, pitani kukiliniki. Chimodzimodzinso ngati ululu ukukulepheretsani kupita kuntchito, ngati mtima ukugunda mukangokwera kamtunda, kapena mwayamba kulakalaka dothi, chifukwa ziwiri zomalizazi zimatha kusonyeza kuchepa kwa ayironi m'magazi. Kwa mkazi amene alibe pakati, Hb, muyezo wa magazi uja, ikatsika kuposa 12 ndiye kuti magazi achepa, ndipo kuyezetsako n'kongobaya chala.

Ngati muli pantchito yolembedwa, lamulo la ntchito la kuno ku Zambia, la Employment Code Act la 2019, limapatsa mkazi aliyense tsiku limodzi pa mwezi, Mother's Day ija, popanda kalata ya dotolo ndiponso popanda kufotokoza chifukwa. Tengani la mwezi uno, mupite kukiliniki ya kwanuko m'mamawa mzere usanatalike, muwauze masiku amene mukusamba ndi mapadi amene mukusintha pa tsiku, mupemphe akuyezeni Hb, ndipo ngati akuona chokayikitsa akulembereni kalata yopita ku Chipata Central Hospital kukachita sikani. Amene muli mbali ya Katete, chipatala cha St Francis chili pafupi nanu. Ngati mukuopa kupita nokha, ndilembereni kumbali ndikuperekezeni.