Katundu wa azakhali amene sapita kumudzi

Mayi wina wa ku Rosettenville, kuno ku Joni, wandilembera imelo. Akuti azakhali ake, omwe amagwira ntchito ya m'nyumba, amatola chilichonse chimene abwana ataya: maketulo akufa, magazini akale, nsapato ya phazi limodzi, zigubu za ayisikilimu. Chipinda chadzaza mpaka kudenga, iwo amagona mopinda miyendo pakona ya bedi, ndipo ukafunsa amangoti "ndidzatumiza kumudzi." Funso lake ndi lakuti, kodi akataye zonsezo azakhaliwo ali kuntchito?

Achemwali, chonde musatero.

Tonsefe kuno ku Joni timasonkhanitsa katundu, koma wathuyo amanyamuka. Disembala ikafika matumba akwera basi, apita. Wa azakhali sachoka, ndipo mukangokhudza kachigubu kamodzi mtima wawo umagunda ngati mwawalanda mwana. Si umbombo kapena uve, komanso sanalodzedwe. Ndi matenda a maganizo amene madokotala amawatchula hoarding disorder. Bungwe la madokotala a zamaganizo ku America, la American Psychiatric Association, linawazindikira ngati matenda paokha mu 2013, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO nalo linawaika m'buku lake la mndandanda wa matenda la ICD-11. Nthawi zambiri amayamba munthu ali wachinyamata n'kumakula ndi msinkhu, ndipo ambiri amakhalanso ndi matenda a nkhawa kapena okhumudwa. Kwa ena zimanyanya pambuyo pa maliro.

Mukakokolola mwakabisira, chipinda chidzadzazanso, koma inu sadzakutsegulirani khomo. Zikatero mwawasiya okha.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi moto. Amalawi sitinaiwale nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, mu Ogasiti 2023, mmene anthu oposa 70 anathera, abale athu ali momwemo. Kumeneko nkhani sinali yosunga katundu ayi, koma tinaona kuti potulukira pakatsekeka utsi sudikira. Choncho yambirani pamenepo, mwaulemu: "Azakhali, tiyeni tingolambula njira yochoka pabedi kufika pakhomo, mapepalawa atalikirane ndi sitovu ndi kandulo." Chochotsa asankhe okha, inu muzingogwira thumba.

Kenako muwaperekeze kukiliniki ya boma, mukafotokozere anesi zonse kuti awatumize kwa a zamaganizo. Bungwe lothandiza anthu a matenda a maganizo la SADAG, lomwe lili konkuno ku Johannesburg, limapereka uphungu pafoni. Chithandizo chimene chimathandiza ambiri ndi CBT: kukambirana ndi katswiri n'kumazolowera kutaya pang'onopang'ono, kuyambira pa zinthu zosapweteka mtima. Zimatenga miyezi, musatope nawo.

Za kumudzizo musawatsutse. Auzeni kuti thumba limodzi mulipirira ndinu mwezi uno, asankhe zabwinozabwino, lipitedi.